Amalume a Kuseri kwa Chitseko

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa mwana wanu. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unasiya kutupa, kapena mukuukokabe osauza munthu? Nanga abambo ayamba kumeza bwino, kapena mukuwadyetsabe ndi supuni? Ine kuno ndili moyo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa mlomo wanga wasokedwa ulusi utatu kuchipatala, ndipo ndikatafuna ndimamva mpaka kukhutu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni muli nayo. Ndakuimbirani kawiri sabata ino. Ndikangoti ndiyambe nkhani, inu mumandifunsa za mvula, kenako foni mwapatsa azakhali. Ndiye ndati pepala simungalifunse za mvula. Ndapatsira adalaivala a basi aja anakubweretserani bulangete, ndipo akuti Lachisanu ikhala m'manja mwanu. Muwerenge nokha, pang'onopang'ono ndi diso lanu labwinolo, musapatse ana a sukulu kuti akuwerengereni.

Ntchito ndi yomweija yosita zovala za anthu. Ndimaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nthunzi ili kumaso, malaya akubwera mulu pamwamba pa mulu. Abwana ndi mayi wolongolola koma mtima alibe woipa. Msana ndiye ukudandaula, koma sindinalembere zimenezo.

Mukukumbuka kuti ndinakuuzani za kagulu ka alembi kamene ndinalowa chaka chatha. Munaseka, munati matenda anga otola mapepala aja sanathe. Timakumana Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa shopu yogulitsa utoto ndi misomali. Masitepe ake ndi achitsulo, ali kunja, amalira ukamakwera. Tilipo anthu khumi ndi asanu, ena anamwino, ena atelala, wina wometa. Wotitsogolera ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene timamutcha Inki Yofiira, chifukwa pepala lako likadutsa m'manja mwake limabwera ngati lachita ngozi.

Chaka chino zinatiyendera. Kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku inavomera kutitulutsira buku la nkhani khumi ndi ziwiri. A nyuzipepala ina anatilonjeza tsamba limodzi mwezi uliwonse, ndiponso kwabwera mpikisano wa ndakatulo umene aliyense akuusuzumira mobisa anzake. Pa nkhani makumi atatu zimene zinaperekedwa, yanga inalowa nawo m'bukulo. Inki Yofiira anandibwezera kanayi, ulendo wachisanu anangogwedeza mutu n'kuiika m'chikwama. Ndinasangalala, Amayi. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikuseka ndekha pamsewu ngati wamisala.

Gulu lathuli lili ndi lamulo limodzi. Wolemba sawerenga yekha nkhani yake, ndipo dzina lake silitchulidwa mpaka anthu amve yonse ndi kuikambirana. Timati wolemba ndi maliro, amagona chete anthu n'kumamunena. Akamaliza, Inki Yofiira amati maliro adzuke, ndiye mwini nkhani amaimirira. Amene amatiwerengera kawirikawiri ndi bambo wina wachikulire, mlonda wa pamalo ena, amene timawatcha a Wailesi chifukwa cha mawu awo. Magalasi awo ndi omanga ndi ulusi, koma akayamba kuwerenga ngakhale wotsokomola amasiya.

Pano ndiulule. Nkhani yangayo ndi ya m'nyumba mwathu. Ndinasintha zonse zimene ndikanatha. Abambo ndinawasandutsa kalipentala, inu ndinakupatsani ana anayi aamuna okhaokha, nyumba ndinaisamutsira kutali. Ndinasiya chinthu chimodzi basi, lamba uja ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, ndi dzina limene abambo anamupatsa. Inu mukudziwa kuti sankati lamba. Akakwiya ankati mwana mmodzi apite akaitane amalume. Akakwiya kwambiri ankawonjezera kuti akawauze abwere ndi dzino lawo, ndiye tonse tinkadziwa kuti lero ndi mbali ya chitsulo.

Ndinafuna kuchotsa mawu amenewo. Inki Yofiira anakana, anati m'nkhani yonse ndi mawu okhawo amene munthu sangapeke ali pampando, ndikawachotsa nkhani yafa. Ine ndi mtima wofuna kutamidwa ndinawasiya. Ndinkaganiza kuti kutali kuno amene angawadziwe ndi achimwene okha, ndipo iwo tikangoyang'anana m'maso zitha.

Loweruka lapitali tinakonza tsiku loitana abale kuti adzamve nkhani zitatu za m'bukulo lisanapite kosindikiza. Ndinaitana achimwene ndi alamu. Anabwera atatchena, achimwene ali ndi jekete ija ya pa ukwati, akuuza aliyense pamasitepe kuti mlongo wawo ndi wolemba mabuku. Kamdzukulu kanu anakamanga tsitsi ndi maliboni achikasu. Anakhala mzere wachiwiri, ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi tebulo la tiyi.

Nkhani yanga inali yomaliza. A Wailesi anawerenga bwino moti ine mwini wake ndinaiwala kuti ndi yanga. Anafika pamene kalipentala uja akutuma mwana kuti akaitane amalume, n'kupuma pang'ono kuti atembenuze tsamba. M'kachetechete momwemo alamu analankhula. Sanakweze mawu, anangonena ngati munthu wolankhula kutulo, kuti akawauze abwere ndi dzino lawo. A Wailesi anatembenuza tsamba n'kuwerenga mawu omwewo, osasiyana ngakhale pang'ono.

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ankati mayiyu ndi wanzeru, walota mzere wotsatira. Ine sindinaseke. Alamu sanaonepo nkhani yanga, ndipo kwathu anafikako abambo atadwala kale, pakamwa patapotoka. Mawu amenewo anawamva kuti? Ndinaona khosi la achimwene likutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mkazi wawo, ndipo alamu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti mwana wanu wamwamuna alinso ndi amalume ake kuseri kwa chitseko chake. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

Zaka zisanu ndi zitatu ali pabanja, Amayi. Ndakhala ndikuwaseka alamu kuti amavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe bwanji, ndinkati akuopa kuda. Ine wolemba nkhani, amene ndimadzitama kuti ndimaona zimene ena saona.

Nkhani itatha, Inki Yofiira anati maliro adzuke. Ndikanatha kukhala pansi, koma miyendo inadzuka yokha. Achimwene anandiyang'ana kamodzi. Kenako anatembenuka n'kumenya alamu ndi kuseri kwa dzanja, pamaso pa anthu onse. Ndolo inang'amba khutu, magazi anatsikira pa kolala. Ankakuwa kuti mkaziyu wakhala akugulitsa nkhani za m'nyumba mwake kwa anthu a mapepala, kuti tinapangana kuti tidzamuvule pagulu.

Ndinathamanga ndikunena kuti alamu sanandiuze kanthu, kuti nkhaniyo ndi ya abambo ndipo iwo akudziwa. Sindinamalize. Chibakera chinandipeza pakamwa, mlomo unang'ambikira pa mano, ndinagwera pa tebulo la tiyi ndipo ketulo inakhuthukira pa miyendo ya mayi wina. A Wailesi anaima pakati, mapepala anga ali m'manja, akuti mwana wanga khala pansi tikambirane. Achimwene ananyamula mpando wachitsulo n'kuwamenya nawo paphewa. Ndinamva fupa likuthyoka, Amayi, linalira ngati nkhuni youma. Bambo wa msinkhu wa abambo athu anagwa chagada, magalasi anaphwanyika, ndipo achimwene anawapondanso pachifuwa podutsa.

Amuna analipo asanu ndi mmodzi m'chipindamo, koma alembi ndi anthu a pakamwa. Pamene ankati adzuke, achimwene anali atagwira kale alamu tsitsi n'kuwakokera pamasitepe. Mawondo a alamu ankagunda sitepe iliyonse, chitsulo chikulira mpaka pansi. Nsapato imodzi inatsala pamwamba. Anthu a mumsewu anangoima n'kumaonerera mpaka achimwene anawaponya alamu m'galimoto ya kuntchito kwawo n'kuchoka.

Mwana anamuiwala. Tinamupeza pansi pa tebulo atatseka makutu, osalira, atadzikodzera. Sanalire ngakhale pamene ankandisoka mlomo, anangondigwira siketi. Mwana wa zaka zinayi wodziwa kale kuti zikayamba umalowa pansi pa tebulo n'kukhala chete. Ine ndinaphunzira zimenezo ndili wamkulupo kuposa iye.

Lamulungu ndinapita kunyumba kwawo ndi anzanga awiri, koma chitseko chinali chokhoma ndipo palibe anayankha. Lolemba m'mawa alamu anatulukira kuntchito kwanga, akuyenda mogwira khoma. Ndinawalowetsa kuseri kumene timayanika makatani. Bulauzi inali itamatirira kumsana, tinachita kuinyowetsa ndi madzi ofunda kuti ichoke. Sindikufotokozerani zambiri, msana wotero inu mukuudziwa. Mizere yofiira, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kabowo pamene dzino linaluma. Abwana anga ataona anasiya kulongolola, anangopita kukatenga mankhwala ndi thonje.

Masana achimwene anabwera. Analowa osapereka moni, akuti akufuna mkazi wawo ndi mwana wawo. Pakati pa ine ndi iwo panali tebulo lositira basi, ndipo m'manja mwanga munali simbi yotentha. Ndinainyamula n'kuwalozetsa kumaso, pafupi moti anaphethira ndi kutentha. Ndinawauza kuti akangodutsa tebulolo ndiwasita nkhope ngati kolala. Sindinkaopseza, Amayi. Ndinkafuna adutse. Mtima unali zii, ndipo ndinali nditasankha kale tsaya loyambira. Anaona zimenezo m'maso mwanga, anabwerera chambuyo mpaka pakhomo, akutukwana. Atachoka ndinasanza m'beseni. Ndinachita mantha ndi ine mwini, chifukwa magazi aja si achimwene okha anatengera.

Ana a a Wailesi anakadandaula kupolisi. Apolisi anawasunga achimwene masiku awiri, pano atuluka, akudikira tsiku la mlandu. Alamu anakana kukadandaula za iwo, ati sangamangitse bambo wa mwana wawo. Akukhala kwa ine, tikugona atatu pa matiresi amodzi, iwo chafufumimba chifukwa cha msana.

Gulu lathu ndiye labalalika. Mwini shopu ya utoto wati tisadzapondenso pamasitepe ake, akuti anabwereketsa chipinda kwa anthu ophunzira, osati a nkhonya. Tinakumana dzulo pabenchi ya kuchipatala pokaona a Wailesi. Ena akuti nkhani yanga ichoke m'buku, yabweretsa minyama. Ena akuti ikachoka iwonso achotsa zawo. Wometa uja wayamba kale kulemba ndakatulo ya zimene zinachitika, akuti akapikisana nayo, ndipo ndamuuza kuti akangoyerekeza ndimumeta ndine. A Wailesi ali ndi bandeji mpaka m'khosi koma nthabwala sanasiye. Anati nkhani zambiri zawakhudzapo pa moyo wawo, koma iyi ndi yoyamba kuwathyola fupa. Ndinaseka mpaka ulusi unakoka, kenako ndinalira, ndinawagwadira pansi pomwepo kupepesa. Inki Yofiira wati osindikiza akufuna mapepala onse pakutha pa mwezi, ndipo zoti nkhani ikhale kapena ichoke wandisiyira ine.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Ndamva kuti achimwene anakuimbirani, ndipo inu munaimbira alamu. Alamu anandiuza zonse, osati modandaula, koma ngati mwana wobwereza zimene wauzidwa. Akuti munati banja ndi kupirira. Munati inu mwakhala zaka makumi anayi ndipo simunafe. Munati mwamuna akachititsidwa manyazi pagulu amapsa mtima, ndi mmene alili amuna. Munati ine ndine wabodza kuyambira ndili mwana, ndipo diso lanu lakumanzere linawonongeka chifukwa munagunda chitseko. Munamaliza ndi kuti Lamulungu likubwerali mudzaimbanso kuti mumve kuti abwerera kunyumba kwawo.

Zinandipweteka, sindibisa. Koma za kunditcha wabodza zisiyeni, ndazolowera. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chakuti alamu alibe mayi, ndipo kuyambira tsiku la ukwati amakutengani inu ngati amayi awo. Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Abwana anga alankhula. Namwino wa m'gulu lathu wawapezera malo kumene amasunga amayi othawa nkhanza, kulinso ntchito yosoka. Zonsezo amangomvera n'kunena kuti adikira mawu a apongozi awo. Chikwama alongedza kale, chili pafupi ndi chitseko changa. Mukati abwerere, abwerera, ndi mwana yemwe. Ndipo achimwene auza anzawo kuntchito kuti mlandu wa mpando uja ndi mkazi wawo anawaputira, akadzabwera adzakambirana bwino.

Sindikukupemphani kuti muvomere nkhani yanga. Mukati ichoke m'buku, ndikaichotsa mawa lomwe, ndiing'ambe ndi manja anga, Inki Yofiira alire yekha. Sindikuti muwachititse manyazi abambo, munthu amene pano sangathe kunyamula ngakhale kapu. Ndikudziwa kuti ndinu mumawasambitsa ndi kuwatembenuza, ndipo mwina kuti muthe kuchita zimenezo tsiku ndi tsiku mumayenera kukhulupirira za chitseko zija. Ine sindingakuweruzeni. Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu mukaimba, muwauze alamu kuti asabwerere.

Pali chinthu china chimene ndinanama m'nkhani ija, ndipo ngakhale Inki Yofiira sakudziwa. Ndinalemba kuti tsiku la diso, amene anakaitana amalume anali mwana woyamba. Si zoona, ndipo inu mukudziwa. Abambo anatuma achimwene, koma iwo anakana. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anaima pakati pa nyumba manja ali kumbuyo, n'kunena kuti sapita. Anawamenya khofi mpaka anagwera pa ndowa, koma sanapite. Ndiye abambo anayang'ana ine.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Msomali unali patali, ndinachita kukoka mpando n'kukwerapo. Ndinathamanga nawo kuti asanene kuti ndachedwa. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri, mmene munatiphunzitsira kuperekera chinthu kwa akulu, mbali ya chitsulo ili kutsogolo. Abambo anati ndine mwana womvera. Inu munandiyang'ana ndi maso onse awiri, ndipo kanali komaliza kundiona nawo onse.

Simunandinenepo za tsiku limenelo, ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinapepesepo. Ndikupepesa lero. Ndakhala nacho chinthuchi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi chimene chimandilembetsa mapepala onse munkandiseka nawo aja.

Alamu sangathe kunyamula chikwama ndi msana umene uja. Mukati abwerere, wonyamula ndikhala ine. Ndidzawagwira dzanja, mwana kumbuyo, mpaka pakhomo paja, ndidzagogoda n'kuwapereka. Ndinu amayi anga, ndipo sindikudziwa ngati ndingathe kukukanirani, sindinayambe ndatero. Ndinatumidwa kamodzi ndili mwana, ndinapita. Chonde Amayi, musanditumenso.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti nsalu yawo ndinaipeza koma idikire kaye. Moni kwa mng'ono wanga ndi amuna ake, kwa asuweni onse, ndi kwa anzanu aja mumapita nawo kokatunga madzi. Mdzukulu wanu akuti ndikuuzeni kuti akutha kulemba chilembo choyamba cha dzina lake. Abambo muwauze kuti ndawafunsa.

Lamulungu foni ya alamu ikhala yotchaja kuyambira m'mawa, ndipo ine ndidzakhala pambali pawo.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Chipepala